Netiweki ya Pamutu pa Kadyansonga

Padangotero, kuchigwa komwe foni inali isanalirepo, boma la nyama linalonjeza intaneti.

Mfuko anati, "Ndikumba, waya alowe mu una wa aliyense. Koma mundipatse miyezi isanu."

Kadyansonga anaseka. "Ingondimangirirani kachipangizo ka netiweki pamutupa. Mawa lomweli igwira."

Komiti yoyesa inali ya mbalame zokhazokha. Zinatera pamutu pa Kadyansonga, n'kutulutsa mafoni, netiweki ili tho! Mfuko anauzidwa kuti akapume.

Sabata yotsatira Mayi Njiri anafika ali wefuwefu kwa Khwangwala, wapampando wa komitiyo.

"Bwana, mwana watentha thupi, koma ku una kwathu netiweki siikugwira kuti ndiimbire adokotala."

Khwangwala anatsegula lipoti, n'kuliwerenga mofatsa.

"Apa talemba kuti chigwa chonse chikugwira, mayi. Mwayesako kuuluka?"