Sewero la Herminia

Dzuwa litangopendeka, mpira wa besibo unazima pa kanema wa Herminia, n'kulowa nyimbo ya sewero la chikondi. Herminia anakankhira pambali nyemba zimene ankasankha, namwetulira yekha. Nkhalamba ija, amuna ake, inali itamukumbukiranso.

Iye ndi amuna ake, a Fulgencio, anasiya kalekale kugona chipinda chimodzi. Macheza awo anali atatsala awiri basi. Wina amati "khofi", mnzake amati "ali pamoto". Bambo pabalaza, mayi kuchipinda chakumbuyo pafupi ndi thanki ya madzi. Koma Lamulungu ankapita ku Misa atakolana mikono, anthu a ku San Francisco de Macorís n'kumasirira, osadziwa kuti mikonoyo imamasuka akangokhota pa golosale.

Chaka chatha a Fulgencio anaitana mmisiri wina wolongolola kudzaika dishi padenga. Chithunzi chake chinali chowala moti munthu unkaona thukuta pamphuno pa woponya mpira. Dikoda inali imodzi, pabalaza, ndipo kumbuyo kwake kunali kabokosi kotulutsa zingwe zitatu. China chinalowa mu kanema wa pabalazapo. China chinakwawa m'khoma mpaka kwa Herminia. Chachitatu chinakwera padenga.

A Fulgencio anati chimenecho n'cha chipinda cham'mwamba, akadzamanga. Herminia anangoti kukamwa pindu. Zitsulo za chipinda chimenecho zinayamba kuchita dzimbiri padengapo mwana wawo Yokasta asanamere mano.

Mmisiri uja anachenjeza kuti poti dikoda ndi imodzi, makanema onse azionetsa chinthu chimodzi, ndipo wogwira rimoti ndiye pulezidenti wa nyumba. Anadzitamanso kuti rimoti yake si ya masewera, imalamula ngakhale uli kuseri kwa khoma. A Fulgencio anaikulunga ndi tepi yofiira, nalengeza kuti aliyense asaikhudze. Herminia sanaionenso.

Choncho tsiku lonse ankaonera za amuna ake. Besibo, anthu okangana za besibo, kenako besibo yadzulo. Koma madzulo aliwonse, popanda kupempha, kanema ankatembenukira ku sewero. Munthu amene sanaphonyepo mpira ngakhale pa tsiku la ubatizo wa mwana wake, lero akusiyira mkazi kanema! Herminia sanafunse. Ankaopa kuti akathokoza, manyazi awagwira bambowo, asiya.

Kunena zoona silinali sewero limene iye ankalikonda. Lake linali la pa tchanelo china, la mtsikana wa kumunda wa khofi. Ili linali la dokotala wolemera wolira ngati mbuzi. Koma amuna masewero onse amawaona ngati amodzi, ndipo mphatso siisankhidwa. Anaphunzira kumukonda dokotalayo. M'mawa akamayanika zovala ankakambirana za iye ndi Belkis, mayi womanga tsitsi wa kuseri kwa mpanda, amene mwamuna wake anakwera boti la ku Puerto Rico osatumizanso ngakhale moni.

"Doña Herminia, amuna ngati anuwo kulibenso," ankatero Belkis, zopanira zovala zili kukamwa. "Muwasunge bwino."

Herminia anayambanso kuthira batala wambiri mu nthochi zosinja za a Fulgencio. Makolala a malaya awo ankawasita kawiri.

Amene sankamvetsa anali Yokasta. Kubanja kwake ku Santiago anali atakonzera amayi ake chipinda cha zenera loyang'ana kumapiri, ndipo anali atatopa kuchisunga. Tsiku limene a Fulgencio anakwera basi kupita ku likulu kukachotsa ng'ala m'diso, Yokasta anaimba foni. Anati apongozi ake akuchifuna chipindacho, ndipo akalowamo sadzatulukamo mpaka m'bokosi. Yankho linkafunika tsiku lomwelo.

"Amayi, mukudikira chiyani kumeneko? Munthu sakulankhulani."

"Iwe ndiwe mwana. Bambo ako pakamwa ndi pouma, koma amalankhula ndi rimoti."

"Ndiye mwakwatiwa ndi rimoti?"

"Apatse apongozi akowo chipindacho. Ine ndili pabanja."

Yokasta anapuma mozama, nati chabwino, galimoto ikawatenga mawa apongoziwo. Anadula foni osatsanzika.

Herminia anasesa pabalaza, napukuta fumbi pa dikoda, nakonza khushoni ya pampando wa amuna ake. Rimoti sinali pa tebulo, sinalinso pansi pa khushoni. Anaseka. Nkhalamba yaumbombo, mpaka kupita nayo kuchipatala, ngati madokotala nawonso ali ndi tchanelo. Kanema anali atamusiya pa besibo. Lero dokotala wake alira yekha, anaganiza motero, koma palibe kanthu. Bambo akabwera ndi diso latsopano, mwina adzaonanso kuti m'nyumba muno muli mkazi. Anatsimikiza kuti tsiku limenelo adzanyamula mpando wake, n'kukakhala nawo pabalaza, aonere limodzi.

Anabwerera kuchipinda kwake, natenga nyemba zake. Dzuwa linapendeka. Pa kanema amuna atatu onenepa ankakangana za woponya mpira wina wopweteka phewa.

Kenako mkanganowo unazima. Nyimbo ya sewero inalowa.

Herminia anathamangira pabalaza, akuganiza kuti amuna ake abwerera panjira. Mpando unali wopanda munthu. Nyimbo ija inkamvekanso kwina, panja, ndipo anaitsatira mpaka pampanda.

Chingwe chachitatu chinkatsika kuseri kwa denga, n'kulowa pa zenera la Belkis. M'katimo Belkis anali atatambalala pa sofa, atavala malaya a kolala yosita kawiri, akukweza mawu ndi rimoti ya tepi yofiira.