Waya Umene Fidelis Anadulitsa

Panali munthu wina ku Livingstone dzina lake Fidelis. Makolo ake anachokera ku Katete, koma iye anakulira m'komboni ya Linda mu Livingstone momwemo. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera naye mpingo umodzi.

Fidelis ankagwira ntchito yoperekera katundu m'mahotela pa kanjinga kamoto kakang'ono. Zaka zisanu ndi chimodzi sanagwepo, ndiye anayamba kudzimva. Kenako anagula njinga yamoto yaikulu, ya injini ya 650cc, kwa mlendo wina amene ankabwerera kwawo. Inali ya mtundu uja wopanda zophimba, injini yonse pamtetete, kutsogolo kopanda galasi lotchinga mphepo. Poikankha inali yopepuka, koma ukangopotokola dzanja pang'ono inkadumpha ngati yalumidwa ndi mavu.

Anapita nayo kwa a Muleya, makaniko wachikulire wa ku Dambwa. A Muleya anaizungulira kawiri n'kupukusa mutu.

"Ba Fidelis, iyi si ija ya kunchito. Iyi ifika handiredi mukalibe kumeza mata. Muone aka kawaya ku wilo ya kusogolo, ni ka ABS. Ndiye kalesa wilo kuuma mukagwila buleki mwazizizi. Osakagwila."

"Namvela, ba mudala," anatero Fidelis, koma maganizo ali kale pamsewu.

Patapita milungu itatu, ali potsukitsa njingayo, panabwera munthu wosamudziwa, wovala jekete yachikopa dzuwa lonse lija. Anati dzina lake ndi Brian, ndipo amachita mipikisano ya njinga ku Kitwe. Anaitamanda njingayo mpaka Fidelis mutu unakula.

"Koma boss, mwaimanga mendo. ABS ni ya bophunzila. Ikudyelani buleki. Nipaseni maminiti teni chabe."

Fidelis anavomera. Brian anadula kawaya kaja, n'kumata tepi yakuda pa kanyali kochenjeza kamene kanayaka. Anabowolanso ekizozi kuti izilira kwambiri. Fidelis podutsa m'tauni anthu onse ankatembenuka, ndipo anamva kukoma.

Loweruka a Muleya anaimva njingayo ikudutsa, anamuimitsa. Ataona waya ukulendewera anagwira pakamwa.

"Nindani wachita ici? Muibwelese Mande niikonze. Mailo musayende nayo, ndipo musanyamule munthu."

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, mkazi wake Chipego ankafuna kukaona mayi ake ku Simonga. Mwana wawo Luyando, wa zaka zinayi, anamusiya kwa aneba. Chipego anati akwera minibasi.

"Mukazi wanga pa minibasi, ine nili na iyi? Kwela."

"Bashi Luyando, niyopa. Imathamanga maningi."

"Nizayenda pang'ono pang'ono."

Anamupatsa chisoti chake chakale chapantchito, chachikulu, cha lamba wotha. Atangotuluka m'tauni msewu unaongoka, ndipo Fidelis anaiwala lonjezo. Chipego ankamumenya pamsana kuti achepetse, koma mphepo ndi phokoso la ekizozi zinameza mawu ake. Atapitirira basi ina anangoona lole itaima pakati pa msewu, ikudikira njovu kuti ziwoloke. Anafinya buleki ndi mphamvu zonse. Tayala lakutsogolo linauma, linaterereka pamchenga, njinga inagwa chammbali.

Fidelis anathyoka mkono ndi nthiti ziwiri. Chipego chisoti chinamuvuka ali m'mwamba, mutu unamenya phula.

Chipego anakhala chikomokere masiku khumi ndi limodzi. Fidelis anaimbira Brian, nambala sinkapezekanso, ndipo potsukira paja panalibe amene ankamudziwa. A Muleya anabwera kuchipatala, anakhala naye pabenchi ola lathunthu, kenako ananyamuka.

Chipego atatsegula maso, aliyense anathokoza Mulungu. Anawazindikira mayi ake. Koma Fidelis atamugwira dzanja, analichotsa. Anabweretsa Luyando, mwana anathamanga akufuula "Mami!" Chipego anayang'ana mayi ake n'kufunsa kuti, "Ni mwana wa ndani uyu?"

Madokotala anati mwina nzeru zidzabwerera, mwina ayi. Tsopano patha zaka ziwiri. Chipego amakhala ku Simonga, mayi ake ndi amene amamusambitsa. Fidelis ntchito inatha chifukwa mkono sugwiranso. Lamlungu lililonse amapita ndi mwana kukamuona. Chipego amawalandira mwaulemu ngati alendo, amawapatsa mpando. Luyando anasiya kumutchula kuti mami, chifukwa akatero Chipego amachita mantha n'kuyamba kulira. Masiku ano amangoti "ba anti".

Phunziro: Chimene opanga anaika pa galimoto kapena pa njinga kuti chikuteteze, usachichotse chifukwa cha munthu amene wakumana naye lero. Wokutamanda sadzakhala nawe kuchipatala, ndipo kawirikawiri amene amapweteka si wouma mutuyo koma amene wamunyamula. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene ali ndi njinga yamoto, makamaka amene amanyamula banja lake.