Tambala, Njiwa ndi Tulo ta Mleme

Padangokhalatu Tambala ndi Njiwa, a mpingo umodzi. Tsiku lina anakangana kuti ndani angakope Mleme, mayi wokalamba wa mumtengo wa mango, kuti azibwera ku mapemphero.

Anayamba ndi Tambala. M'bandakucha uliwonse ankaima patsinde n'kumakuwa: "Kokoliliko! Lapani, inu ogona chadodolido!" Komatu nthawi imeneyo ndi imene Mleme ankafika kuchokera kosaka chakudya kuti agone. Maso anamutupa, mpaka anamanga katundu kuti asamuke.

Njiwa anali wamanyazi. Anangopemphera chamumtima: "Ambuye, ine mawu aakulu ndilibe. Mundionetse nthawi yake."

Chisisira chitagwa, anapita atanyamula gwafa wakupsa.

"Odi, amayi! Mwadzuka bwanji?"

Mleme anadabwa, chifukwa panalibe amene anamufunsapo zimenezi madzulo. Anadya gwafayo uku akudandaula za msana, Njiwa akungomvetsera.

"Nanga iwe sundilalikira?" anafunsa Mleme.

"Ndimati muyambe mwakhuta, amayi."

Mleme anayang'ana katundu wake uja, n'kuyamba kumasula.

"Sendera kuno, mwanawe," anatero. "Za Mulungu wa aTambala ndamva zokwanira. Tandiuza za wakoyu, amene amalola munthu kugona."