Batire la Wotchi ya Carlos

Agineza analowetsa msana wa supuni m'kamzera ka chivundikiro, anapotoza, chivundikiro n'kumasuka. Thukuta linamuyenda kumsana. Imene anagwira m'manjayo sinali wotchi wamba.

Mwamuna wake, Carlos, amagwira ntchito pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya, kusoka maukonde a makola a nsomba kunyanja ya ku Mozambiki, kumunsi kwa Zambezi. Kakompyuta kovala pamkono ngati wotchi ndiko kamamuuza kuya kumene wafika ndi nthawi yoti ayambe kukwera. Batire lake linatha ali patchuthi kuno ku Feira. Bwana wake sanazungulire pafoni: wopanda wotchi yoyaka asavutike n'kukwera boti, ofuna malo ndi ambiri. Ndipo botilo linali kunyamuka masana a tsiku lomwelo.

Carlos anali atakanitsitsa kuitsegula. Ankati kamchenga kamodzi kakalowa, madzi nawo alowa, wotchi yafa, choncho ntchitoyi n'ja akatswiri a ku Lusaka basi. M'mawa umenewo anapita kukameta kumsika nkhope ili khwinya, akuganiza bodza lokamuuza bwana. Sankadziwa kuti mkazi wake anatuma kondakitala wa basi kumugulira batire, kamphira kotchinga madzi ndi kagirisi kake, ndiponso kuti anaonerera kanema wa kasinthidwe kake mpaka bandulo kutha.

Mlongo wake wa Carlos, Peggy, anali pakhonde akusenda mtedza, diso lili pa lichero limene Agineza anaikapo zida zake.

"Alamu, mukaipha wotchiyo, muzikamira ndinu ndi chitenje chanucho."

Agineza anaseka mpaka supuni kugwa. Anamuyankha kuti akamira akamutengerako mwamuna pansi pa madzi, popeza apamtunda onse anamulephera. Anakokera lichero padzuwa kuti aziona bwino, anatukula batire lakale ndi chikhadabo n'kuliika pambali. Anang'amba paketi ndi mano, latsopano n'kugubuduka, kakang'ono kozungulira ngati batani la jekete.

Kunatsala chovuta chenicheni, kamphira kaja. Anapukuta mzere wake ndi kansalu koyera, anauzira, anayang'ana ngati mwatsalira tsitsi, anapukutanso. Peggy analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo la saladi, mafuta ophikira aja, ati mafuta ndi mafuta, bwanji kuvutika ndi kagirisi kosakwana n'chala chomwe. Agineza anamubweza nalo, nati saladi amaoletsa mphira, akakazingire mazira. Asanamalize kulankhula, mbuzi ya aneba inafika n'kuyamba kutafuna paketi ija. Anaithamangitsa awiriwo kuzungulira nkhokwe, wina ndi tsache wina ndi botolo la saladi, akuseka mpaka m'mimba kuwawa. Pobwerera dzuwa linali litafika paliwombo. Agineza anatola batire, likutentha ngati lachoka pamoto, analikhazika m'malo mwake, anaika kamphira kopakidwa bwino, n'kutseka.

Anadina batani. Galasi linati waliwali, manambala mbwee.

Nthungululu imene Peggy anaimba inaulutsa nkhunda padenga. Agineza anavina ndi wotchi m'mwamba, chitenje chikumasuka, iye osasamala. Koma sanaiwale kuti kuyaka n'kwina, kukana madzi n'kwina. Anaimangirira ku mthiko n'kuimiza m'dramu la madzi mpaka pansi. Anadikira. Atavuula, galasi linali mbee, mopanda nkhungu mkati, ndipo wotchi inali itayamba yokha kuwerenga kuya kwa dramulo.

Azimayi ochokera kumjigo anatula zidebe. Aliyense anafuna kumiza nawo mthiko. Wina anafunsa ngati ingamuuze kuya kwa chitsime cha kwawo ku Mphuka, wina anathamangira kwake kukatenga wailesi yakufa kuti adokotala atsopanowa aione.

Carlos anafika pakati pa phokosolo atameta mpala, n'kuona wotchi yake pamthiko. Analanda mthiko, anamiza yekha, anavuula, anaitembenuza uku ndi uku, anadina mabatani onse. Kenako ananyamula mkazi wake m'mwamba pamaso pa anthu onsewo, zimene sanachitepo n'tsiku la ukwati lomwe.

"Amake Juliet, Lusaka yasamukira pakhomo panga."

Kudoko injini ya boti inali italira kale. Carlos anaimbira bwana wake foni akumanga nsapato, nati asungireni malo anga, ndikubwera ndi wotchi yamoyo. Anakoleka chikwama, anatsika njira ya kumtsinje akuthamanga, mkono wovala wotchi uli m'mwamba ngati wawina chikho cha mpira. Agineza sanamuperekeze. Akanasiyira yani mzere wa mawailesi ndi matochi umene unali pakhonde? Anangoima pachulu n'kumakupiza chitenje mpaka boti linakhota kuseri kwa bango, phokoso lake n'kuzilala.

Anabwerera akuyenda ngati mkazi wa nduna. Anauza azimayi kuti adikire pang'ono, ayambe wataya batire lakale m'chimbudzi ana asanalimeze. Analitola palichero, nalitembenuza m'dzanja.

Kunsi kwake kunali kapepala ka kufakitale, komata bwinobwino, kosamatulidwa. Latsopano linali ilo. Limene linali kupita ku Mozambiki linali lakale lija, longodzutsidwa ndi dzuwa la Feira monga timadzutsira mabatire a wailesi padenga, moyo wake wosafika mawa.

Inu mukamasintha batire, chonde, lakale muzilitaya kaye musanang'ambe paketi ya latsopano.