Mwaye pa Diresi la Mkwatibwi

Injini ya lole itangobangula, mayi telala anaponya sizasi pansi n'kuthamangira panja. Koma abale inu, anali atachedwa. Chiutsi chakuda bii chinali chitakuta kale chingwe chimene anayanikapo diresi loyera la kasitomala wawo, ukwati wake uli mawa m'mawa.

Amuna awo, adalaivala, anali pachiwongolero akuseka mano onse pamtunda. Mng'ono wa adalaivalawo, uja amadzitcha makaniko chonsecho sanaphunzire kulikonse, anali atangopotokola kabawuti ka pampu ya dizilo kuti mafuta azilowa ambiri, ati loleyo izikwera zitunda mothamanga.

"Mwaimva, mayi a mwana? Yadzuka nkhalambayi!" anakuwa adalaivala.

"Zimitsani chinthu chanucho! Maso mulibe?"

"Musatero alamu, utsiwu ndiye mphamvuyo!" anatero makaniko uja, akulavula dizilo amene anayamwa papaipi. Malovuwo anagwera pafupi ndi phazi la mayiwo.

Mayi telala anayandikira diresi lija. Timadontho takuda tamafuta tinali mbwee, kuyambira m'khosi mpaka m'munsi. Mikanda imene anasokerera masabata atatu inkanunkha ngati kunsi kwa galimoto.

Adalaivala anatsika monyada. "Aaa, kamwaye chabe aka, n'kongosasa." Mayiwo asanawaletse, anapukuta pachifuwa pa diresilo ndi dzanja lawo lagirizi, kawiri konse.

Mayi telala anayang'ana zizindikiro zakuda za zala zimene zinatsala pa diresilo. Pageti panamveka mawu a mtsikana wosangalala.

"Odi, amayi! Ndabwera kudzayesa diresi langa!"