Munthu wa Mpope Amene Anaphedwa ku Zemba

Werengani mpaka pothera, akuti izi zinachitikadi.

Panali munthu wina cha ku Zemba, m'boma la Chadiza, dzina lake Trywell. Ankakonza njinga ndi mipope yopopera thonje pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi msewu. Sanali munthu wandewu.

Chaka china kunabuka mphekesera yoti kuli anthu opopera mankhwala m'nyumba kuti anthu akomoke. M'mudzimo palibe anawaonapo, koma aliyense anali ndi msuweni amene anawaona. Mafoni ankangolira. Ana kusukulu ankakomoka mmodzi akangonena kuti wamva fungo.

Akazi a Trywell, a Fainesi, anamuchenjeza. "Atate a Nancy, mukamva phokoso la anthu, muzibwera kunyumba. Anthuwa mitu siikuyenda bwino."

Trywell anangoseka.

Lachiwiri lina masana, kunafika bambo wachilendo pa njinga, atabereka mpope kumsana. Anaima pachigayo kuti afunse njira. Asanamalize moni, mayi wina anakuwa: "Ndi ameneyu! Taonani chomwe wanyamula!"

Anthu anathamanga kuchokera kuminda, kuchitsime, kugolosale. Trywell anasiya sipanala nathamanga nawo.

Mlendoyo anagwada, manja m'mwamba. "Abale, ndine Dominic wa ku Pembamoyo. Mpopewu wawonongeka. Ndikufuna a Trywell andikonzere. A Trywell ali kuti?"

Anthu anatembenuka kuyang'ana Trywell.

"Ndi mnzako eti? Muli gulu limodzi?"

Trywell akanangonena kuti anthu amabwera kwa ine ndi mipope tsiku lililonse. Koma anaona miyala m'manja mwa anzake. Anati, "Sindimudziwa ameneyu." Ndipo kuti amukhulupirire, anatola mwala n'kuponya.

Ena onse anatsatira. Anali anthu opemphera, anthu a makomiti, amayi obereka ana kumsana. Pamene apolisi ankafika kuchokera ku boma, Dominic anali atamwalira. Mumpope munalibe kanthu, ngakhale madzi.

Kuyambira tsiku lomwelo mudzi unakhala ndi mawu amodzi. Palibe anaitanitsa msonkhano, koma yankho linali lofanana nyumba iliyonse: "Anali anyamata ochokera kwina. Ife tinali kumunda." Patapita chaka, ena ankati munthuyo anagwa yekha pa njinga. Patapita zaka zitatu, ana ankamva kuti kunabwera chigawenga ndipo mudzi unadziteteza.

Trywell anaonda. Anasiya kukonza mipope. Wina akabwera nawo ankati zipangizo palibe.

Chaka chachinayi kunabwera mayi wina, a Philomena, mkazi wa malemu uja. Anayenda khomo ndi khomo masiku awiri. Pomaliza anafika pansi pa mango paja, nakhala pa benchi.

"Bambo, sindinabwere ndi mlandu," anatero. "Ana anga amandifunsa kuti atate awo anafa bwanji. Kusukulu anzawo amawanena kuti ndi ana a chigawenga. Ndayenda nyumba makumi atatu, aliyense akuti anali kumunda. Kodi amuna anga anadziponya okha miyala?"

Trywell anawafunsa kuti:

"Mayi, munandifunsa dzina?"

"Ayi."

"Ndine Trywell."

Mayiyo anagwira pakamwa. "Ndi kwa inu ananena kuti akubwera. Ndine ndinawauza kuti apite kwa inu, chifukwa ndinamva kuti mumakonza bwino."

Trywell anawauza zonse, osasiya kanthu. Ananena za kugwada kuja, za dzina lake lomwe linaitanidwa, za mwala woyamba. A Philomena sanalire. Anangofunsa kuti, "Mungakanene zomwezi pamaso pa ana anga?"

Trywell anapita nawo ku Pembamoyo, nakanena. Mmawa mwake anakwera njinga mpaka ku boma, nakadzipereka kupolisi.

Apolisi atabweranso kudzafunsa mboni, mudzi unasintha nkhani tsiku limodzi. Aja ankati anali kumunda, tsopano onse anakumbukira bwinobwino. "Eya, tinamuona Trywell. Ndi iyeyo anapha munthu uja. Ife tinkamuletsa, koma sanamve." Mayi amene anakuwa pachigayo uja ndiye ankafotokoza mokweza kuposa onse, misozi ili mbwembwembwe.

A Fainesi anthu anasiya kuwalonjera kuchitsime. Mwana wawo Nancy anasiya sukulu chifukwa cha kunyozedwa, ndipo banjalo linasamukira kwa achibale.

Tsiku la mlandu ku Chipata, a Philomena anapempha kuti alankhule. Anaimirira, natembenukira anthu a m'mudzi muja omwe anabwera kudzaonerera.

"Ndine ndinasambitsa mtembo wa amuna anga," anatero. "Panalibe malo oti n'kuikapo chala popanda bala. Munthuyu ali ndi manja awiri okha. Manja enawo anali a yani?"

Palibe anadzutsa mutu.

Trywell ali kundende mpaka lero. Enawo akulima, akupita kutchalitchi, ena ndi akuluakulu a makomiti. Mlendo akafunsa zomwe zinachitika pachigayo paja, amayankha kuti, "Aa, kunali munthu wina woipa mtima kuno, koma anamangidwa."

Phunziro: Gulu likakwiya, usalole kuti likuganizire. Uthenga wa pafoni si umboni, ndipo mantha ako asaphetse munthu wosalakwa. Pagulu aliyense amaona ngati mwala wake ndi waung'ono, koma wakufayo amafa ndi miyala yonse. Ndipo choipa chikachitika, tisamachikwirire kapena kuchisenzetsa munthu mmodzi kuti ife tioneke oyera, chifukwa mudzi wonama za dzulo udzachitanso zomwezo mawa. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi m'magulu anu onse, makamaka kwa aja amafulumira kukuwa asanafunse.