Mphumu ya Mwana wa Tcheyamani

Mu Epulo 1976, a Kachiwanda, tcheyamani wa chipani pamudzi wina kufupi ndi Nathenje, adaitanitsa ankhoswe kuti athetse ukwati. Nkhani idali mphumu ya mwana wawo Gelesomu.

Mkazi wawo, Nankhoma, adakhala pamphasa atafungatira mwanayo, yemwe chifuwa chake chinkaimba mluzu. Pambali pawo balani ya fodya wachikopa inkafuka.

"Adokotala ku Mitundu adati zinthu n'ziwiri," adatero Nankhoma. "Mphumu imayenda m'magazi, koma utsi ndiwo umaidzutsa. Mwanayu amagona khoma limodzi ndi balaniyi."

"Utsi wa fodya ndi chitukuko, mayi," adayankha a Kachiwanda. "Mukunyoza chitukuko?"

Ankhoswe onse adayang'ana pansi, ndipo utsi udapezeka wosalakwa.

"Ndiye atsala magazi," adapitiriza a tcheyamani. "Kwathu kulibe mphumu, kwanunso mukuti kulibe. Nanga mwanayu ngwayani?"

Mphepo idatembenuka, utsi n'kuwakuta a Kachiwanda. Adafuna kubwereza funsolo, koma m'chifuwa mwawo mudangotuluka kamluzu. Kamluzu ka Gelesomu kadayankha, kaliridwe kake komweko.

"Bambo ndi mwana akuimba nyimbo imodzi," adatero mmodzi wa ankhoswe, mlongo wake wa Nankhoma. "Mlandu watha, alamu."

A Kachiwanda atapeza mpweya adavomera kuti mwana ngwawo, ukwati n'kupulumuka. Kenaka adatuma Nankhoma akasonkhezere moto m'balani, fodya angaonongeke.

Za komwe Gelesomu azigona, palibe yemwe adafunsa.